Africa ya Amanaz, chimbale chaulesi chochokera ku Kitwe

Africa ya Amanaz ndi chimbale chaulesi, ndipo ndikunena zimenezi moyamikira. Ng'oma zake sizithamanga, woyimba amatulutsa mawu mosadzivuta, magitala nawo pena amachedwa pang'ono kulowa koma palibe amene akuoneka kuti zikumukhudza. Chinatuluka mu 1975 ku Zambia, nyimbo 12, ndipo bandiyo sinatulutsenso china, chimodzi chomwecho basi. Olemba za nyimbo kunjaku amachiika m'gulu la Zamrock, rock ya ku Zambia ya zaka za m'ma 1970, pamodzi ndi WITCH, Ngozi Family ndi Musi-O-Tunya, ndipo sakulakwa ayi, koma mmene Zamrock akuigulitsira masiku ano, ngati nyimbo zaphokoso za anyamata olusa ovala mabuluku otambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali zidendene, zimabisa chimene chimapangitsa chimbale ichi kukoma. Phokoso lilimo, sindikukana. Koma mtima wake ndi wofatsa, wotopa pang'ono, ndipo n'chifukwa chake sichinakalambe pomwe zimbale zina za nthawi imeneyo ukamazimvera lero zimangokukumbutsa mafashoni akale.

Anyamatawo anali asanu. Keith Kabwe pa maiki, Isaac Mpofu ndi John Kanyepa pa magitala, Jerry Mausala pa besi, Watson Lungu pa ng'oma. Anayamba mu 1973 ku Kitwe, ndipo dzina la bandi ndi chidule cha Ask Me About Nice Artistes in Zambia, zimene zikungoonetsa kuti kudzichemerera sikunayambe ndi ma rapper. Kuti mumvetse kumene nyimbo zoterezi zinachokera muyenera kuganizira Copperbelt ya nthawi imeneyo, Kitwe, Ndola, Chingola, Mufulira, Luanshya, matauni a migodi amene anali ndi anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi, makalabu a kampani, maholo, masitolo ogulitsa mbale za galamafoni. Zambia inalandira ufulu mu 1964 ngati ife, koma iwo anali ndi mkuwa, ndipo mkuwawo umabweretsa ndalama zoposa 90 pa 100 zilizonse za malonda awo akunja. Ambiri a ife tili ndi agogo kapena amalume amene anakagwirako ntchito kumeneko n'kubwera ndi wailesi ndi suti. Nde mwana wokulira m'komboni ya mgodi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 amamva The Beatles, Rolling Stones, Jimi Hendrix, Cream, Deep Purple, Black Sabbath, James Brown, zonsezi pamwamba pa nyimbo za kumudzi kwa makolo ake ndi rhumba yochokera ku Zaire komwe ndi kungodumpha malire. Mabandi ambiri anayamba ndi kungoyimba nyimbo za azungu m'mahotela, kenako n'kuyamba kupeka zawo.

Mukachifufuza pa intaneti mupeza achipachika mayina ambirimbiri, psychedelic rock, folk rock, pena onse awiri pamodzi, ena mpaka indie. Mayinawa asakuopseni. Folk rock ndi zimene zinachitika pamene oyimba nyimbo zofatsa za gitala yopanda magetsi, a mtundu wa Bob Dylan, anayamba kulumikiza zida ku magetsi n'kuwonjezera ng'oma cha m'ma 1965, nyimbo n'kukhalabe yoti munthu mmodzi atha kuiyimba yekha pakhonde koma yavala zovala za bandi. Psychedelic ndi kayimbidwe ka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku San Francisco ndi London, kamene kamafuna kuti mawu a zida azimveka opindika, oyandama, ngati zinthu zikusungunuka, ndipo inde zimagwirizana ndi mankhwala ozunguza bongo amene anthu a nthawiyo amamwa, LSD makamaka, palibe chobisa pamenepo. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza nyimbo yofewa pansi, pamwamba pake gitala yopenga. Africa ndi chimenecho ndendende. Za indie ndiye zimandiseketsa pang'ono, chifukwa mawuwa amatanthauza bandi yosakhala pansi pa makampani akuluakulu a nyimbo, ndiye ku Zambia ya 1975 pafupifupi aliyense anali indie kaya akufuna kaya sakufuna. Chimbalechi chinatuluka kudzera ku Zambia Music Parlour, kampani ya Edward Khuzwayo ya ku Ndola, ndipo anachijambula ku Malachite ku Chingola, situdiyo imene ntchito yake yeniyeni inali ya mafilimu.

Gitala yopengayo ili ndi dzina, amati fuzz. Ndi kabokosi kakang'ono kopondera ndi phazi, mkati mwake muli ma transistor ochepa chabe, ndipo ntchito yake ndi kukweza mphamvu ya gitala mopitirira muyezo mpaka mawu aphwanyike, nsonga za mafunde ake n'kudulidwa. Zotsatira zake gitala imasiya kulira ng'ing'ing'i yoyera ija, imayamba kunjenjemera, kukhuthala, ndipo noti imodzi imatha kukhala nthawi yaitali isanazime. Mainjiniya akale akanati chida chawonongeka. Keith Richards ndi Hendrix anachisandutsa fashoni, ndipo anyamata a ku Zambia anachikonda mwina kuposa eni ake, moti ukamva Zamrock chinthu choyamba kuzindikira ndi fuzz imeneyi. Kusiyana kwa Amanaz ndi anzawo n'kwakuti iwo samaiponda nthawi zonse. Amadikira. Nyimbo imayenda mwakachetechete mphindi ziwiri, iwe wayiwala kale kuti pali kabokosi pansi, kenako n'kutulukira.

Chitsanzo chake ndi Khala My Friend, imene ndi nyimbo yodziwika kwambiri pa chimbalechi ndipo pano ndikhalitsapo. Imayamba ndi makodi ochepa osavuta, oti mwana wa fomu 2 amene wangophunzira gitala atha kuwagwira tsiku lomwelo. Ng'oma zimalowa mopepuka. Ndiye mawu, munthu akulankhula ndi mnzake amene wanyamuka, akumufunsa kumene akupita, akumuuza kuti njira watengayo ilibe mathero, kuti dziko ladzadza ndi mavuto, abwerere. Nkhani yonse ndi imeneyo. Sakutiuza kuti mnzakeyo walakwa chani, kaya ndi mowa, kaya ndi ulendo wakutali, kaya ndi matenda, kaya wangosintha mtima, ndipo kusanenako ndi kumene kumapangitsa kuti aliyense alowetsemo munthu wake. Chimene chimandigwira ine ndi mmene akuyimbira. Sakukuwa, sakulira, sakuchonderera mogwada ngati mmene oyimba athu ambiri amachitira akafuna kuti timve chisoni, kukoka mawu mpaka mtsempha wa pakhosi kuonekera. Akuyimba ngati munthu amene akudziwa kale kuti mnzakeyo sabwerera koma akunenabe chifukwa mawuwo ayenera kunenedwa. Amene munayesapo kulangiza mnzanu wapamtima amene watsimikiza kale zochita mukudziwa kamvekedwe kameneka, mawu amatsika okha, mphamvu yokangana imakhala itatha.

Kenako gitala ya magetsi imabwera kudzanena zimene mawu akana kunena. Solo yake si yothamanga, si yoonetsa luso, manoti ake ukhoza kuwawerenga, koma imakwera pamwamba pa nyimbo yofatsayo n'kuilemeretsa. Apa ndi pamene ndimaona kuti anyamatawa amadziwa chimene akuchita, kuti ulesi ndikunenawu unali wosankha. Munthu wosadziwa kuyimba sangathe kudziletsa chonchi. Osadziwa amadzadza paliponse chifukwa amaopa malo opanda kanthu.

Sunday Morning ndi I Am Very Far zili m'banja lomwelo. Azungu olemba za nyimbo amakonda kuziyerekeza ndi The Velvet Underground ya ku New York, makamaka zimbale zawo zofatsa za 1969 ndi 1970, ndipo ukamvera umamva chimene akutanthauza, kuyenda kwapang'onopang'ono kuja, mawu osakongoletsa, gitala yongozungulira pamalo amodzi. Koma kuyerekezaku kumanditopetsa chifukwa kumakhala ngati nyimbo ya ku Kitwe siingakhale yabwino payokha mpaka itapezeredwa wachibale ku America. Ine ndikamva Sunday Morning ndimamva tauni ya mgodi Lamlungu m'mawa, anthu ena akupita ku tchalitchi ena mutu ukuwawa ndi za dzulo, ndipo sindifuna New York kuti indimasulire zimenezo.

Mbali yaphokoso ilipo ndithu. History of Man ndiye yolemera kwambiri, fuzz kuyambira poyamba mpaka pomaliza, besi yokhuthala, apa Black Sabbath ikumveka poyera ndipo ukaikweza pa sipika yabwino mawindo amanjenjemera. Anthu ambiri amene amabwera kudzafuna Zamrock ya pa zithunzi ija amathera pa nyimbo imeneyi. Ndi yabwino. Koma zimene ndimabwererako kawirikawiri ndi nyimbo zitatu za m'Chibemba, Nsunka Lwendo, Africa ndi Kale. China chake chimasintha akasiya Chingerezi. Mawu amakhala pa bit mosavuta, mizere imatalika ndi kupindika mmene chilankhulo chikufunira, oyimba amayankhizana, ndipo ng'oma za Watson Lungu zimasiya kutsatira rock ya m'buku n'kuyamba kugwedezeka mwina. Chibemba changa n'chongotola apa ndi apo, komabe khutu la munthu wolankhula Chichewa limamva kuti apa munthu ali kwawo, lilime lamasuka. Nsunka Lwendo ndiye imatenga nthawi yake, gitala imangoyenda, kupita, kubwerera, osafuna kutsika. Kale ndi imene imatseka chimbale ndipo imatseka mwachisoni, mosakweza mawu. Ndikanakhala ine wosankha, theka la chimbalechi likanakhala m'Chibemba, koma mu 1975 Chingerezi ndiye chinali chilankhulo cha rock ndipo anyamata amafuna kumveka ngati mbale zimene amagula.

Tsopano nkhani imene imandisangalatsa kwambiri, ndipo anthu ambiri amene amamvera chimbalechi pa YouTube kapena Spotify saidziwa. Africa ilipo mitundu iwiri. Nyimbo zomwezo, kujambula komweko, koma ma mix awiri osiyana, ndipo onse anatuluka kalelo. Ina ndi youma, mawu ndi ng'oma zili patsogolo, chilichonse chikumveka pafupi. Inayo anaithira reverb yambiri, kamvekedwe kaja kokhala ngati ukuyimbira m'holo yaikulu yopanda anthu, moti mawu ndi ng'oma zimabwerera m'mbuyo n'kumira, pomwe ma solo a gitala akwezedwa kwambiri. Pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso chimbalechi mu 2015 inaika ma mix onse awiri pamodzi, ndiye munthu utha kumvera nyimbo imodzi kawiri motsatizana n'kuona kusiyana.

Ndipo kusiyanako si kwamasewera. Mu mix youma Amanaz ndi bandi ya folk rock, anyamata asanu m'chipinda, ukumva mpweya wa woyimba, ukumva pamene ndodo yagunda ng'oma mochedwa pang'ono, zolakwika zonse zili pambalambanda. Mu mix ya reverb ndi bandi ya psychedelic, chilichonse chikuyandama, mawu akuchokera kutali, gitala ndiye mfumu. Tangoganizani, dzina la mtundu wa nyimbo limene anthu amakanganirana pa intaneti likudalira dzanja la munthu mmodzi amene anakhala pa makina tsiku limenelo n'kupotokola mabatani. Oyimba athu amene amangosiya nyimbo kwa producer n'kupita kukadikira pa WhatsApp aganizirepo pamenepa. Ine ndili mbali ya youma, makamaka pa nyimbo zofatsa, chifukwa reverb ija imakongoletsa chisoni, imachisandutsa chinthu chokoma kumva, pomwe youma imakusiya ndi munthuyo maso ndi maso. Koma History of Man ndi Nsunka Lwendo ndimazifuna za reverb, pamenepo gitala ikuyenera kulamulira. Ndinakanganapo ndi mnzanga wina woyimba besi ku tchalitchi amene amati youma imamveka ngati demo yosamaliza. Akunena zoona, ndipo n'chimene ndimaikondera.

Chaka chimene chimbalechi chinatuluka chinali chaka chimene zinthu zinatembenuka ku Zambia. Mtengo wa mkuwa unakwera kwambiri kumayambiriro kwa 1974 kenako n'kugwa, ndipo pofika 1975 dziko limene limadalira chinthu chimodzi linayamba kumva kuwawa. Mafuta anali atakwera kale kuchokera mu 1973. Chaka chomwecho cha 1973 Ian Smith anatseka malire a Rhodesia, njira imene katundu wambiri wa Zambia amadutsa, ndipo njanji ya TAZARA yochokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, imene anamanga ndi thandizo la China, inali ikungomalizidwa kumene mu 1975. Boma la Kenneth Kaunda linali litatenga 51 pa 100 ya migodi ndipo dziko linali la chipani chimodzi. N'zosavuta kutenga mbiri yonseyi n'kuiunjika pa chimbale, kunena kuti kutopa kumene kukumveka m'mawu a Keith Kabwe ndi kutopa kwa dziko lonse, ndipo olemba ambiri amachita zimenezo chifukwa zimakoma kuwerenga. Ine ndimachenjera nazo. Anyamata a zaka za m'ma 20 akalowa mu situdiyo amaganiza za atsikana, za ndalama ya lendi, za kuposa bandi ya tauni ina, osati mtengo wa mkuwa ku London. Komabe n'zoona kuti ndalama ya mgodi ndi imene imagula matikiti a ma show ndi mbale, ndiye itayamba kuuma nyimbo nazo zinamva.

Chinawathandiza ndi lamulo la Kaunda la m'zaka zomwezo lakuti wailesi iziyimba nyimbo za ku Zambia pafupifupi zokhazokha, chiwerengero chimene chimatchulidwa ndi 95 pa 100. Kaunda mwiniwake anali woyimba gitala, ndipo cholinga chake chinali chokweza chikhalidwe cha dziko, mwina amaganiza za nyimbo za makolo, koma amene anapindula ndi anyamata a tsitsi lalikulu ndi fuzz, chifukwa wailesi imafunika nyimbo zodzadza maola onsewo. Apa ndimaganiza za kwathu. Nthawi yomweyo ku Malawi tinali ndi lamulo la censorship la 1968 ndi lamulo la kavalidwe la 1973, amayi osavala buluku kapena siketi yaifupi, abambo osasunga tsitsi lalitali, alendo ena amametedwa pabwalo la ndege. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo ngakhale Cecilia ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa pa zifukwa zimene akuluakulu athu amazidziwa bwino. Sindikunena kuti tinalibe nyimbo, tinali ndi a Daniel ndi Donald Kachamba, a Allan Namoko, MBC Band, zinthu zoti dziko lililonse likhoza kunyadira. Koma bandi yoti woyimba wake atulukire pa siteji kuchokera m'bokosi la maliro atavala ngati mafupa, monga zimakambidwira za Keith Kabwe, kapena kuyimba gitala ndi mano ngati Paul Ngozi wa Ngozi Family, kwathu kuno ikanathera kupolisi isanamalize nyimbo yoyamba. Mayiko awiri oyandikana, onse a chipani chimodzi, koma mpata wopenga unali wosiyana.

Kutha kwake kunabwera mbali zambiri nthawi imodzi. Chuma chinapitirira kugwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 asilikali a Rhodesia amaphulitsa misasa ya omenyera ufulu mkati mwa Zambia, mu 1978 anafika pafupi ndi Lusaka penipeni, ndipo kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, zimene kwa bandi yodalira ma show a usiku ndi imfa. Disco inalowa, mwini bala n'kuona kuti DJ mmodzi ndi wotchipa kusiyana ndi anthu asanu ndi zida zawo. Makaseti okopera anapha malonda a mbale. Kalindula inatenga malo m'zaka za m'ma 1980 ndipo anthu anaikonda, inali yawo, yovinika. Kenako Edzi. Oyimba ambiri a m'badwo umenewo anapita m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo ife a kuno sitifunika kufotokozeredwa mmene zinalili chifukwa tinaika maliro omwewo. Kaunda mwini ananena poyera mu 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa anthu a WITCH yoyambirira ija anatsala ndi woyimba wawo Jagari Chanda, amene anakakhala mphunzitsi kenako n'kumakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya. Keith Kabwe anadzakhala m'busa, Isaac Mpofu mlimi.

Kwa zaka pafupifupi 30 chimbalechi chinangokhala m'makatoni. Amene anachifukula ndi anthu osonkhanitsa mbale zakale a ku Ulaya ndi America, aja amalipira ndalama zoopsa pa mbale imodzi yokandikakandika. Kampani ya ku Germany ya Shadoks inachitulutsanso mu 2008, kenako Now-Again ya Eothen Alapatt, amene amadziwika kuti Egon, inachita ntchito yaikulu yofufuza oyimba amene anatsala, kupanga nawo mapangano, kulemba mbiri yawo, n'kutulutsa zimbale za WITCH, Rikki Ililonga, Ngozi Family, Amanaz, komanso mu 2017 zimbale ziwiri zosonkhanitsa nyimbo zotchedwa Welcome to Zamrock. Mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta yonena za WITCH, Jagari anabwerera pa siteji ndi anyamata achizungu kumbuyo kwake kuphatikizapo Jacco Gardner wa ku Netherlands, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Chaka chomwecho rapper wa ku America Travis Scott anatenga chidutswa cha Nsunka Lwendo n'kuchiika mu Sirens pa chimbale chake cha Utopia. Mu 2024 Tyler, the Creator anachita chimodzimodzi ndi nyimbo ya Ngozi Family mu Noid, ndipo ana a ku America mamiliyoni anayamba kuyimba Chinyanja osadziwa kuti akuti chani, ife tikumva liwu lililonse.

Zimenezi zimandipatsa maganizo awiri ndipo sindinawagwirizanitse. Mbali imodzi ndikuthokoza, chifukwa popanda anthu amenewa ine sindikanachimva chimbalechi, ndipo achikulire amene anatsala alandirako kenakake ndi ulemu ali moyo. Mbali ina zimandiwawa kuti kuchokera ku Lilongwe kupita ku Chipata ndi ulendo wa maola ochepa chabe, tili ndi achibale mbali zonse ziwiri za malire, timamvera oyimba a ku Zambia tsiku ndi tsiku m'maminibasi ndi m'maukwati, koma nyimbo ya ku Kitwe inayenera kuzungulira ku Germany ndi Los Angeles kuti itipeze. Ndipo vuto si la azungu. Iwo anaona chinthu chabwino n'kuchitola. Ife mbale za agogo tinazitaya posamuka, makaseti tinajambulapo zina pamwamba. Sampa the Great, rapper wobadwira ku Zambia, yekha ndi amene ndamuona akuitenga Zamrock ngati cholowa chake, mu Never Forget ya 2022, ndipo zinamveka bwino chifukwa amayimba ngati mwana wa pakhomo osati mlendo wodzaona malo.

Chimene sindigwirizana nacho ndi nkhani imene imamangidwa pamwamba pa nyimbozi pozigulitsa. Nthawi zonse ndi yomweyo, Africa yolusa, rock yotayika ya m'tchire, anyamata openga amene dziko linawaiwala. Zithunzi zake ndi za ma afro ndi zovala zonyezimira. Nkhani imeneyi imagwira pa Ngozi Family, imagwirako pa WITCH, koma ukaibweretsa pa Amanaz imakusocheretsa, umalowa ukuyembekezera moto n'kupeza anthu atakhala pansi akucheza motsitsa mawu, ndiye ena amakhumudwa n'kudumphira ku History of Man basi, zinazo osazipatsa mpata. Kufatsa kwa munthu wakuda sikugulitsa ngati ukali wake, zimenezo tinazizolowera m'mafilimu ndi m'nkhani, ndipo zafika mpaka ku mbale zakale. Chonsecho anyamata amenewa anasankha kutsegula chimbale chawo chokhacho ndi nyimbo yopanda mawu, yoyenda pang'onopang'ono, yotchedwa dzina la bandi yawo. Munthu wofuna kukuopseza sayamba choncho.

Sindikufuna kuchikweza mopitirira. Chili ndi zofooka zake. Mawu ena a Chingerezi ndi ongodzadzira mzere, oti ukawalemba papepala ungachite manyazi, ndipo nyimbo ngati Making the Scene ndi Big Enough kwa ine ndi rock wamba wa nthawiyo, wabwino pa show Loweruka usiku koma wosasiya chilichonse m'mutu. Kujambula kwake nako n'kwa situdiyo yosauka, besi pena imamira, zinthu zina zimaphwanyika pamene sizimayenera kuphwanyika. Ukamvera pa sipika ya foni theka la chimbale limasowa, chifukwa ntchito ya Jerry Mausala yonse ili pansi pamene foni siifika, ndiye pezani mahedifoni kapena sipika yeniyeni, ngakhale yobwereka. Ndipo musachiyike pa shuffle. Anachikonza ngati mbale ya mbali ziwiri, nyimbo zofatsa ndi zolemera zikusinthana mwadala, ukasokoneza dongosololo History of Man imangomveka ngati phokoso lochokera kwina.

Anthu ena pa intaneti amafunsa ngati Amanaz ingabwererenso ngati mmene yachitira WITCH. Ine sindikufuna. WITCH inali bandi ya siteji, Jagari ndi munthu wodumpha ndi kuvina ngakhale pano wadutsa zaka 70, ndiye kubwerera kwake kuli ndi tanthauzo, anthu amapita kukaona mphamvu imeneyo. Amanaz ya pa chimbale ichi ndi anthu asanu enieni aja m'chipinda chimodzi ku Chingola, ndipo ena mwa iwo anatisiya kale. Ukatenga mmodzi kapena awiri otsala n'kuwazunguliza ndi anyamata aluso a ku Amsterdam, adzayimba manoti onse molondola, pa nthawi yake, ng'oma osachedwa ngakhale pang'ono, ndipo Khala My Friend yoyimbidwa molondola choncho ine sindingalipire tikiti kukaimvera.